Khansa ya prostate ikafika m'mafupa: zimene ndaona pa ugadiyani wa malume anga kuno ku Chigwa

Amene munagonako ku Ngabu mwezi wa Okutobala mukudziwa kuti m'nyumba simugoneka, aliyense amangoyala mphasa pabwalo basi, nde za usiku sizibisika. Umu ndi mmene tinadziwira kuti malume anga sali bwino. Munthu kudzuka kasanu kaya kasanu n'kamodzi usiku umodzi, kupita kuseri kwa khola, kuima kumeneko mpaka iwe kuyamba kuganiza kuti kapena akuwerenga ng'ombe, pobwera akubuula chamumtima dzanja lili m'chiuno. Ukawafunsa m'mawa yankho linali lomwelomwelo, "Ndi ukalambatu uwu mphwanga, iwenso udzauona." Zinayenda choncho chaka chathunthu n'kupitirira, mpaka tsiku lina mkodzo unangotsekeratu, mimba ya m'munsi kufufuma gwa ngati mpira, munthu wamkulu amene sindinamuonepo akugwetsa msozi ngakhale pa maliro a mayi ake akugubuduka pansi. Tinawanyamula pa ngolo mpaka pamsewu. Kuchipatala anawalowetsa paipi, thumba linadzadza pompopompo, malume n'kupuma mozama n'kuti ndachira, tiyeni kwathu. Adokotala anati ayi bambo, apa ndi poyambira chabe.

Prostate ndi kachiwalo ka abambo okha, kukula kwake ngati kandimu kakang'ono, kali pansi penipeni pa chikhodzodzo ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Ntchito yake n'kupanga ena mwa madzi a umuna. Munthu akamakula kachiwaloka kamakonda kukula nawo n'kumafinya njira ija, nde mkodzo umatuluka mofooka, modukizaduka, ukamaliza n'kumamva ngati watsalira. Izi zokha si khansa ayi, madala ambiri ali nazo ndipo zili ndi mankhwala ake. Kuno kwathu palinso zosokoneza zina, munthu akaona magazi mu mkodzo amangoti ndi likodzo poti tonse tinakulira m'madambo a Shire, wina akamavutika pokodza anzake amamuseka kuti ndi chinzonono cha paunyamata chabwerera, nde manyazi n'kumugwira osapitanso kuchipatala. Chovuta ndi khansa yeniyeniyo n'chakuti imakonda kuyambira chakumbali kwa kachiwaloka, kutali ndi njira ya mkodzo, nde poyamba sipweteka, siisokoneza chilichonse, imangokula mwakachetechete zaka ndi zaka. Pamene munthu akuyamba kumva zizindikiro nthawi zambiri imakhala itapita kale patali. Ku Malawi kuno ili m'gulu la khansa zopezeka kwambiri mwa abambo pamodzi ndi ya kummero ndi ya pakhungu ija amati Kaposi, ndipo anthu akuda imatikonda kuposa azungu, ku Britain amawerengera kuti mwa abambo akuda anayi alionse mmodzi adzapezeka nayo pamoyo wake pomwe kwa abambo onse ndi mmodzi mwa 8.

Kuyeza kwake kuli pangapo. Choyamba ndi chala, inde chala cha adokotala atavala gulovu kulowetsa kumbuyo kuti amve ngati kachiwaloka kali kosalala kapena kali kolimba ngati mwala ndi timabampu. Malume pa ichi anakwiya kwambiri, akuti mwana wa dzana andichite zimenezi ine, koma zinatenga mphindi imodzi yokha. Chachiwiri ndi magazi, amayeza chinthu chotchedwa PSA. Kawirikawiri ikakhala pansi pa 4 amati palibe chodetsa nkhawa kwenikweni, ikakwera pang'ono mwina n'kutupa chabe kapena matenda a m'njira ya mkodzo, koma ikafika m'mahandiredi ngati inalili ya malume ndiye kuti nkhani ndi ina. Kenako amatapa tinyama ting'onoting'ono ndi singano kukatiyang'ana pa makina, n'kupereka nambala ya Gleason yoyambira 6 kufika 10, nambala ikakwera ndiye kuti khansayo ndi yolusa. Izi zambiri n'za ku Queens ku Blantyre, kutanthauza thiransipoti, kukwera chitunda chija kuchokera pa Thabwa munthu ali ndi paipi ndi thumba m'minibasi yodzadza, ndipo zotsatira za tinyama tija sizituluka mawa lake, mumadikira.

Akamati khansa yapita patali akutanthauza kuti yatuluka m'kachiwalo kaja, ndipo iyi ili ndi khalidwe lake, imathamangira ku mafupa. Msana, chiuno, nyung'unyu, nthiti, ntchafu. Nde apa mpomwe anthu a kuno timapusitsika chifukwa ndani wa zaka 60 amene walima thonje ndi mapira moyo wake wonse alibe msana wopweteka? Kusiyana kwake n'kwakuti msana wa khasu ukagona umaleka, uwu ayi, umaluma kwambiri usiku munthu ali chigonere, ngati china chikukukuta m'kati, ndipo mwezi uno umaposa mwezi watha. Pa ekisire ya malume panali timadontho toyera mbuu pa mafupa a m'chiuno, ine ndinkaona ngati ndiye kuti mafupawo ndi olimba, kumeneko n'kumene kunali matendawo.

Ndinene mosapsatira poti adokotala ena amazungulira, khansa ikafika m'mafupa siichotsedwanso yonse. Koma kusachotsedwa sikutanthauza kuti mukakonze bokosi sabata ya mawa. Imagwirika, imagonetsedwa, ndipo anthu amakhala nayo zaka, ena ziwiri zitatu ena kuposa zisanu, akulima akupita ku tchalitchi. Desmond Tutu wa ku South Africa anamupeza ndi khansa ya prostate mu 1997 ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 90, iyeyo anathandizidwa msanga. Joe Biden amene anali pulezidenti wa America analengeza mu 2025 kuti yake yapezeka itafika kale m'mafupa, Gleason 9. Ndimawauza dala achibale amene amakonda kunena kuti malume anachedwa okha ndi umbuli, ngati inazemba madokotala a munthu ngati ameneyo nanji mlimi wa ku Ngabu.

Mmene amaigonetsera ndi nkhani yomwe inandidabwitsa. Khansa imeneyi chakudya chake ndi testosterone, mphamvu ija ya chimuna imene yambiri imapangidwa m'machende, pepani mawuwa koma dzina lake ndi lomwelo. Dokotala wina wa ku Chicago, Charles Huggins, anaonetsa mu 1941 kuti ukaimana chakudya chimenechi khansayo imafota ngakhale itafika kale m'mafupa, ndipo anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1966 chifukwa cha zimenezi. Mpaka lero dziko lonse lapansi thandizo loyamba ndi lomwelo. Njira zilipo ziwiri. Ina ndi jakisoni wobaya pakhungu la pamimba, wodziwika ndi goserelin kapena kuti Zoladex, wa mwezi uliwonse kapena wa miyezi itatu, amene amauza thupi kuti lisiye kupanga testosterone. Jakisoniyu masiku oyambirira amayamba wakweza kaye testosterone asanaitsitse, nde ululu utha kukula, n'chifukwa chake amaperekera limodzi mapilisi a bicalutamide poyamba. Njira ina ndi opaleshoni yaing'ono yochotsa machende onse awiri kapena mnofu wa m'kati mwake, sitenga ola, ambiri sawagoneka tulo, ndipo testosterone imagwa tsiku lomwelo.

Nde tangoganizani kuuza munthu woweta ng'ombe zimenezi. Malume anangoti, "Mukufuna mundifule ngati nkhunzi yokoka ngolo? Bola kufa." Basi nkhani inathera pomwepo, tinasankha jakisoni. Ndipo anagwira ntchito zedi, pasanathe miyezi iwiri munthu amene ankalephera kutembenuka pamphasa anayamba kuyenda yekha mpaka kudimba, PSA inatsika kwambiri, paipi anaichotsa mkodzo ukutuluka wokha. Koma jakisoni ali ndi vuto limene mabuku a kunja salitchula. Amafuna kuti akhalepo, ndipo iwe ufikeko tsiku lake. Pena tinkapeza watha, kukagula ku famase mtengo wake mbuzi zingapo. Kenako Malichi 2023 kunabwera Freddy, misewu kuduka, madzi ponseponse, anthu m'makampu, tsiku la jakisoni linadutsa tili pakhomo, ndipo pofika nthawi imene zinthu zinayambanso kuyenda ndalama zonse zinali zitapita ku chakudya ndi kudzutsa nyumba. Ululu unabwerera ngati unkangodikira pakhomo.

Amene anawatembenuza mtima si ine, si adokotala, si abusa. Anali bambo wina wa ku East Bank amene tinakumana naye pa benchi podikira, wonenepa bwino, mawu ake a besi ngati woyimbira kwaya, akudya chinangwa chake phee. Anayamba kucheza za mitengo ya ng'ombe, kenako bamboyo n'kungoti, "Achimwene, inetu anandichotsa chaka chatha. Mukundiona ngati ndasanduka mzimayi?" Malume anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anafunsana mafunso amene ine ndinachita kuchokapo kukaima panja chifukwa si a mwana kumva. Potuluka anangoti kawauze adokotala aja kuti ndavomera. Maganizo anga ine, ndipo ndi maganizo chabe a gadiyani osati lamulo, munthu wa ku Makhanga kaya ku Ndamera kaya kulikonse kumene msewu umaduka dzinja lililonse aiganizire bwino opaleshoniyi asanaikane. Mphamvu yake pa khansa ndi yofanana ndi ya jakisoni, imachitika kamodzi, siitha m'sitoko, siidikira mlatho. Kuipa kwake n'kwakuti siibwezedwa, n'chifukwa chake mwini thupi ndiye avomere yekha, osati ana kumupangira chiganizo kuseri.

Koma tisanamizane, njira zonse ziwirizi zili ndi mtengo wake m'thupi ndipo ndi wofanana, wa jakisoni asamadzione ngati wapulumuka. Chilakolako cha kuchipinda chimatha kapena kuchepa kwambiri, ndipo ambiri mphamvu imathanso, zija anthu amati kugwa mu mpapaya. Mawu sasintha, zoti amasanduka a chizimayi ndi bodza. Thupi limanenepa makamaka pamimba, minofu imafooka, ena mabere amatupa pang'ono n'kumapweteka, mafupa amayamba kupepuka pakapita zaka, kutopa, ndi kukwiya msanga kapena kungokhala ndwii. Ndiye pali kutentha kobwera mwadzidzidzi kuja, thukuta kamukamu nkhope yonse ngati amayi akamasiya kusamba, nde ganizani zimenezo mu Novembala wa ku Nsanje dzuwa likupitirira madigiri 40. Malume amayenda ndi kathaulo konyowa paphewa ngati kondakitala. Azakhali, akazi awo, ndi amene anandithandiza kumvetsa mbali inayi, tsiku lina tikusenda nandolo anangoti, "Mwananga, ine zaka 40 ndakhala nawo bambowa, chimene ndikufuna n'choti ndikadzuka ndiziwapeza akupuma." Koma si mabanja onse ali choncho, ena mkazi amayamba kuganiziridwa zachabe, mwamuna nsanje yosaneneka, n'chifukwa chake ndi bwino adokotala akamafotokoza zimenezi onse awiri akhalepo amve ndi makutu awo. Ndipo chonde za gondolosi ndi timabotolo ta mphamvu za abambo togulitsa pamsika, makamaka chilichonse cholembedwa testosterone, uku n'kuthirira khansa feteleza.

Khansayi ndi yochenjera. Pakapita nthawi, kwa ambiri chaka chimodzi ndi theka mpaka zitatu, ena kuposa apo, imaphunzira kukula ndi tinyenyeswa ta testosterone timene timachokera kwina m'thupi, PSA n'kuyambanso kukwera ngakhale munthu anachitidwa opaleshoni. Si kuti adokotala analakwitsa, ndi mmene matendawa amayendera. Apa pamabwera kemo ya docetaxel ya m'diripi masabata atatu alionse kwa amene thupi lidakali ndi mphamvu, kapena mapilisi a abiraterone omwera limodzi ndi prednisolone, amene ndi odula. Palinso kuwotcha ndi makina, radiotherapy, kumene pa fupa limodzi lopweteka kwambiri ngakhale ulendo umodzi wokha umatha kuchepetsa ululu kwa miyezi. Zaka zonsezi Malawi analibe makina amenewa, anthu ankachita kupita ku Zambia, Tanzania kaya India, ochepa amwayi. Pano ku Blantyre kuli chipatala cholipira cha khansa chimene chinatsegulidwa mu 2024, ndipo ku Lilongwe pa Kamuzu Central kuli National Cancer Centre ya boma. Kwa munthu wa ku Chigwa akadali maulendo aatali ndi ndalama, koma funsani, osangokhala chete poganiza kuti n'za anthu olemera okha.

Tsopano za ululu, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene mabanja ambiri timalakwitsa ndipo ifenso tinalakwitsa. Abambo a kuno anakula ndi mawu oti mwamuna salira, nde nesi akafunsa kuti mukumva bwanji bambo, yankho ndi "pang'ono" pomwe usiku wonse nyumba yonse sinagone. Nesi sangalote. Amapereka mankhwala molingana ndi zimene wamva. Tinaphunzira kugwiritsa zala za dzanja, chala chimodzi ululu wochepa zisanu ululu woti sungapirire, ndipo ine ndinkalemba kuseri kwa kabuku ka kuchipatala kuti adzuka kangati, pakupweteka ndi pati, kukuluma kapena kukuwotcha kapena kukuchita ngati magetsi kutsikira kumwendo. Zimenezi n'zofunika chifukwa ululu wa fupa ndi ululu wa mtsempha mankhwala ake ndi osiyana, wa mtsempha uja wowotcha ndi wa dzanzi nthawi zambiri amawonjezera amitriptyline womwa usiku.

Mankhwala a ululu amayenda ngati makwerero, ndi ndondomeko imene bungwe la WHO linatulutsa mu 1986. Pansi pali Panado ndi anzake a brufen ndi diclofenac, pakati codeine kapena tramadol, pamwamba morphine. Brufen ndi diclofenac amathandizadi pa mafupa koma si ongomwa ngati mtedza, amakanda m'mimba ndipo amawononga impso, nanji munthu wachikulire amene mkodzo wake unatsekekapo, nanjinso kuno kotentha kumene thupi limauma msanga. Malume ankagula okha pa okala n'kumamwa atatu atatu m'mimba muli pululu, mwayi kuti tinawagwira msanga.

Morphine ndiye dzina limene limaopsa anthu. Tsiku limene nesi wa chisamaliro cha matenda amgonagona anatipatsa botolo, mlamu wanga wina anandikokera pambali n'kuti amenewa ndi omalizitsa, akapereka amenewa ndiye kuti akuthana naye. Wina akuti asanduka ngati wa chamba. Tinalisunga botolo lija m'thumba la chimanga masabata awiri osatsegula munthu akubuula, mpaka lero ndikakumbuka ndimadzimvera chisoni. Zoona zake n'zakuti morphine womwa pa mlingo umene achipatala alemba sapha munthu ndipo safupikitsa moyo, anthu amamuona ngati wakupha chifukwa choti timamuyamba mochedwa munthu atatsala kale madzi amodzi. Pali anthu amamwa miyezi ndi zaka akuyenda. Wamadziyu amagwira ntchito pafupifupi maola anayi, nde amamwedwa pa wotchi osati podikira ululu, ife anatilembera 6 koloko m'mawa, 10, 2 masana, 6 madzulo, kenako 10 usiku mlingo wowirikiza kuti munthu agone mpaka kucha. Ukadikira kuti ululu uyambe kaye ndiye kuti uziuthamangitsa tsiku lonse osaupeza. Timayeza ndi sirinji yopanda singano, osati supuni ya tiyi kapena kachivindikiro, ndipo onetsetsani mphamvu yolembedwa pa botolo chifukwa alipo wamphamvu pang'ono ndi wamphamvu kwambiri. Alamu ya pafoni ya batani inakhala nesi wathu. Masiku atatu oyamba munthu amawodzera, ena nseru, zimenezi zimatha zokha. Akamangogona osadzutsika bwino, kusokonezeka mutu kapena thupi kumachita kudzidzimuka, makamaka ngati mkodzo wachepa, musapereke mlingo wotsatira musanalankhule ndi achipatala chifukwa impso zikafooka mankhwalawa amaunjikana m'thupi. Osasiya mwadzidzidzi munthu amene wamwa nthawi yaitali, osagawira aneba amene dzino likuwawa, ndipo botolo likhale poti ana sangafikire.

Chimene sichitha chokha ndi kudzimbidwa. Aliyense womwa morphine amadzimbidwa, nde mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl amayambira limodzi tsiku lomwelo, osadikira masiku asanu. Madzi ambiri, papaya wakupsa, therere, masamba, mango nthawi yake. Zikuoneka ngati nkhani yaing'ono koma munthu amene msana uli ndi khansa kukhala chonjuta m'chimbudzi cha dzenje akukankha ndi chizunzo china, ife tinachita kuboola mpando wakale wa pulasitiki n'kuuika pamwamba pa dzenje, malume akuti chimenechi ndiye chanzeru chokhacho ndapanga chibadwire.

M'zipatala za boma mankhwalawa salipiritsa, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi anthu ophunzitsidwa za chisamalirochi, ku Queens kuli kiliniki ya Tiyanjane imene ntchito yake ndi yomweyi, komanso pali bungwe la PACAM limene limalimbikitsa zimenezi m'dziko muno. Funsani dzina lake lenileni, palliative care, chifukwa mukangofola pa mzere wa aliyense mubwerako ndi Panado. Ndipo si chipinda chodikirira imfa ayi, munthu atha kumalandira chisamalirochi uku akulandiranso jakisoni kaya kemo. Kudandaula kwanga n'kwakuti pena umafika pamalo ena n'kuuzidwa kuti morphine watha kapena wosunga kiyi kulibe bwerani Lolemba, iwe utalipira kabaza ulendo wa maola awiri. Tinaphunzira kupita botolo lisanathe, kutatsala masiku asanu kaya sabata, ndipo mvula ikamayandikira timapempha kuti atiganizire za msewu wathu. Kabuku ka kuchipatala, botolo ndi mapilisi zimakhala mu jumbo yomanga bwino pamwamba pafupi ndi chitseko, madzi akabwera usiku ndi chinthu choyamba kunyamula.

Pali chinthu chimodzi chimene gadiyani aliyense achisunge pamtima ngati nambala ya foni yake. Khansa ya mu msana itha kufinya mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa msanawo. Zizindikiro zake ndi ululu watsopano wa msana womanga ngati lamba kuzungulira chifuwa kapena mimba, miyendo kulemera kapena kugwedera, dzanzi kumapazi kukwera m'mwamba kapena dzanzi pokhalira, kulephera kukodza kapena kudziwonongera osazindikira. Zikatero si za mawa, si za kudikira mwana wa ku Joni atumize ndalama, ndi za lero lomwe. Kuchipatala amapereka dexamethasone kuti kutupa kuchepe n'kuona ngati pangafunike kuwotcha kapena opaleshoni, ndipo munthu amene wafika akuyendabe ndiye ali ndi mwayi waukulu wopitiriza kuyenda, amene wagona masiku miyendo itafa kale nthawi zambiri siibwerera. Ponyamula agone chagada pa chinthu chosapindika, ngakhale chitseko, osamukhazika pa njinga yamoto. Chimodzimodzi ngati wagwa pang'ono chabe koma akulephera kuponda, fupa la khansa limathyoka ndi kanthu kochepa.

Amene ali ndi paipi yokhalitsa, thumba lizikhala m'munsi mwa chiuno nthawi zonse kuti mkodzo usabwerere, kutsuka polowera ndi sopo ndi madzi tsiku lililonse, kumwa madzi okwanira, ndi kukasinthitsa pa tsiku limene analemba. Kutentha thupi ndi kunjenjemera musangoti ndi malungo, atha kukhala matenda a mu mkodzo. Ndipo amene wafika pogona, kumutembenuza pafupipafupi usana ndi usiku, mphasa youma ndi thukuta la kuno zimabala zilonda msanga.

Za ndalama ndingonena pang'ono poti zimawawa. Tisanadziwe chimene chikuvuta ng'ombe imodzi inapita kwa asing'anga amene anati pali wachibale anatchera pa njira ya kudimba, mpaka tinadana ndi anthu osalakwa. Pano asing'anga ena ali pa WhatsApp ndi Facebook, timabotolo ta kunja toti timasungunula khansa m'masiku 30, tumizani pa Mpamba. Munthu akakuuzani kuti musiye za kuchipatala muzimwa zake zokha, ameneyo akufuna mbuzi zanu. Pemphero ife timapemphera, a mphakati amabwera Lachinayi lililonse, koma botolo la 6 koloko limamwedwa ndithu pemphero litatha.

Bambo wa ku East Bank uja anasiya nambala, ndipo kuchokera pamenepo malume anasintha, iwo amene ankabisa ngakhale kwa mkazi wawo anayamba kukamba. Pa bawo pansi pa mtengo wa nimu pamsika pali madala amene amakhalapo tsiku lonse, nde wina akadzuka kachitatu kupita kuseri gemu isanathe malume amangoti, "Akulu, mwatenga nthawitu kumeneko. Munakayezetsa?" Poyamba ankawaseka. Pano alipo anayi amene ali ndi matenda omwewa kapena ofanana nawo, alibe dzina la gulu, alibe wapampando kapena ndalama za bungwe, amangodziwana. Amauzana tsiku limene mankhwala afika, amaperekezana ku Blantyre kuti wina asasochere m'makonde a ku Queens, mmodzi amatha kumangirira thumba la mkodzo pa ntchafu mkati mwa buluku moti ku tchalitchi palibe angadziwe ndipo anaphunzitsa anzake. Zinthu ngati zimenezi dokotala sangakuuze poti sanavalepo thumba. Mmodzi mwa iwo anamwalira chaka chatha, ndipo ndinaopa kuti malume agwa mphwayi, koma anapita kukakhala naye masiku omaliza, pobwera anangoti wapita osabuula mnzanga, ndipo ndinaona kuti chimene ankaopa kwambiri sichinali imfa.

Nawonso akazi awo a madalawa anayamba kudziwana, ndipo mwina iwo ndi amene amafunikira anzawo kwambiri. Ugadiyani umatopetsa, kuchapa zofunda, kutunga madzi ku mjigo, kudzuka 10 usiku, kumunda kukudikira, uku wodwala akukukalipira poti alibe wina womukalipira. Azakhali anadwala BP osauza munthu. Pano tinagawana masiku, ine Loweruka ndi Lamulungu, mwana wawo wamkazi pakati pa sabata, ndipo amene ali kutali amatumiza ya thiransipoti osati malangizo. Ana aamuna a malume ndi achimwene awo tinawauza kuti bambo kapena mchimwene wako akadwala khansa imeneyi mwayi woti nawenso udzadwale umawirikiza pafupifupi kawiri, nde akafika zaka 45 akakambe ndi achipatala za kuyezetsa PSA ngakhale asakumva kalikonse. Wamkulu anapita. Wachiwiri akuti za chala zija ayi, tikulimbana nayebe.

Mwezi watha PSA ya malume inakweranso, kachiwiri motsatizana, ndipo adokotala atchula za kemo. Malume anafunsa mafunso awo okha ulendo uno, kuti ndi maulendo angati, adzatha kuyenda kukaona ng'ombe kapena ayi, akakana chichitike n'chiyani. Sanayankhe pomwepo. Tili m'minibasi kutsika chitunda, Shire akuoneka pansi apo ndi minda ya mizimbe kutsogolo, anandipempha foni n'kuti ndiwaimbire mnzawo wa ku East Bank, iyeyo analandirapo kale diripi imeneyi. Netiweki inali yodukaduka, anakuwa mpaka minibasi yonse inamva kuti akufunsa ngati tsitsi limathothoka lonse, chonsecho mutu wawo ndi dazi kuyambira ndili mwana. Alamu ya 2 koloko inalira tili pa mlatho wa Kamuzu, ndinatulutsa sirinji mu jumbo, kondakitala anauza dalaivala kuti ayende pang'onopang'ono madala amwe mankhwala.